Kumene Mungakaone Zojambula za Claude Monet ndi Maso Anu

Ndikudziwa kuti ena mwachokera kuntchito osadzera n'kunyumba komwe, choncho ndiyesetsa kuti nthawi yanu isapite pachabe.

Nkhani ya lero inayamba ndi funso la mwana wasukulu. Tsiku lina m'kalasi ndinaonetsa pa kompyuta chithunzi cha dzuwa lofiira likutuluka padoko lokutidwa ndi nkhungu, n'kunena kuti anachijambula ndi Mfalansa wina dzina lake Claude Monet. Mtsikana wina anakweza mkono. "Aphunzitsi, nanga chenichenicho chili kuti? Chimene iwowo anachigwira ndi manja awo?" Ndinamuyankha mwachidule tsiku limenelo, koma funsolo linandikhala pamtima. Mwanayo anali atazindikira kuti chimene akuona pagalasi ndi mthenga chabe, mwini nkhani ali kwina. Lero ndabwera kudzamuyankha mofatsa, inu muli mboni.

Monet anabadwira ku Paris pa 14 Novembala 1840, anakulira mumzinda wa m'mbali mwa nyanja wa Le Havre, ndipo anamwalira pa 5 Disembala 1926 ali ndi zaka 86. Ku Le Havre komweko ndi kumene mmisiri wina wamkulupo, Eugène Boudin, anamukokera panja n'kumuphunzitsa kujambula ali padzuwa ndi pamphepo. Masiku amenewo ojambula olemekezeka ankagwirira ntchito m'nyumba, n'kumasalaza utoto mpaka osaonekanso pamene burashi yadutsa. Monet ndi anzake, monga Renoir, Pissarro, Sisley ndi mayi Berthe Morisot, ankathamangira china: mmene kuwala kwagwera pa chinthu pa ola limenelo, kusanasinthe. Nonsenu mumadziwa kuti phiri lakwanu silioneka chimodzimodzi m'mamawa, masana ndi madzulo, ndipo mu Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire ukadzaza m'mwamba, limatuwa ngati likufuna kuzimiririka. Kusintha kumeneko ndi kumene bambo ameneyu anakulondola moyo wake wonse, mpaka kusiya zithunzi pafupifupi 2,000.

Mfundo imene ndikufuna mupite nayo kunyumba, ndipo ndiibwereza kangapo, ndi iyi: Monet ankajambula kuwala, ndipo kuti muone zimene anachita muyenera kukaima pamaso pa chinsalu chenichenicho. Foni imakubisirani zinthu zitatu. Imabisa kukula, pakuti chithunzi chonga thireyi ya tiyi ndi chithunzi chodzaza khoma lonse zimaoneka zofanana m'dzanja lanu. Imabisa utoto, umene pachinsalu uli ndi mizere ndi zitunda ngati munda wongolima kumene. Imabisanso mtunda, chifukwa chithunzi cha Monet mukachiyandikira chimasanduka madontho ndi mikwasa, mukabwerera m'mbuyo masitepe anayi madzi amayamba kunyezimira. Ntchito imeneyo imachitidwa ndi miyendo yanu.

Ndiye ndili ndi mfundo zisanu. Zitatu zoyambirira ndi nyumba zitatu za mumzinda wa Paris: Marmottan, Orsay ndi Orangerie. Yachinayi ndi mudzi wake wa Giverny ndi dera la Normandy. Yachisanu ndi ya zithunzi zimene zinamwazikira kunja kwa France, kuphatikizapo kuno ku Africa.

Mfundo yoyamba: Musée Marmottan Monet.

Ndayamba ndi imeneyi chifukwa ndi imene ili ndi yankho la mwana uja. Chithunzi cha dzuwa lofiira chili kumeneko, chakumadzulo kwa Paris, m'nyumba imene kale inali yokhalamo banja lolemera. Dzina lake ndi Impression, soleil levant, kutanthauza kuti mmene kutuluka kwa dzuwa kunamuonekera pa kamphindi kameneko. Anachijambula mu 1872 akuyang'ana doko la Le Havre. Mu Epulo 1874 iye ndi anzake, atatopa ndi kukanidwa pa chionetsero chachikulu cha boma chotchedwa Salon, anachititsa chionetsero chawochawo m'nyumba imene wojambula ndi kamera wotchuka, Nadar, ankagwiriramo ntchito. Mtolankhani wina, Louis Leroy, anatenga liwu loyamba la dzina la chithunzicho n'kuwaseka nalo onsewo m'nyuzipepala ya Le Charivari, kuti ndi anthu ojambula zongowaonekera, zosamalizika. Dzina lachipongwelo linawakakamira, iwo analilandira, ndipo mpaka lero dziko lonse limawatchula kuti ma impressionist.

Mukachipeza mudzadabwa kuchepa kwake: masentimita 63 m'litali, 48 m'lifupi. Timabwato take ndi timizere takuda tiwiri titatu. Dzuwa ndi kadontho kamodzi kofiirira, ndipo kunyezimira kwake pamadzi ndi mikwasa yowerengeka, yopakidwa mofulumira ngati munthu akuopa kuti kucha kumuthawa. Inu ophunzira, pali chimene mungayese usiku uno: tengani chithunzichi pa foni muchisandutse chakuda ndi choyera. Dzuwalo lidzatsala pang'ono kusowa, chifukwa kuwala kwake n'kofanana ndi kwa mtambo umene walizungulira. Chimene chimalichititsa kuyaka m'maso mwathu ndi mtundu wofiira kuyandikana ndi wobiriwira motuwa. Munthu wodziwa zimenezi sitinganene kuti ankangopaka mwachisawawa.

Chithunzichi chinaperekedwa ku Marmottan mu 1940. Mu Okutobala 1985 anthu a mfuti analowa masanasana n'kuchiba pamodzi ndi zina zisanu ndi zitatu, ndipo zinakapezeka mu 1990 pachilumba cha Corsica.

Koma chuma chachikulu cha nyumbayi chinabwera mu 1966, pamene Michel Monet, mwana wake wamwamuna wotsala yekha, anamwalira pa ngozi ya galimoto n'kusiya zonse zimene bambo ake sanagulitse. N'chifukwa chake Marmottan ili ndi zojambula za Monet zoposa 100, kuposa myuziyamu ina iliyonse padziko lapansi. Zambiri zili m'chipinda chachikulu chapansi, ndipo ndi za mu ukalamba wake. Mu 1912 madokotala anamupeza ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo anadzachitidwa opaleshoni mu 1923. Pakati pa zaka zimenezi mlatho wa m'dimba lake, umene kale ankaujambula wobiriwira ndi wooneka bwinobwino, unayamba kutuluka wofiira, wachikasu, wosokonekera ngati moto wa m'phesi. Ndikaima pamaso pa zithunzi zimenezo ndimakumbukira agogo athu amene maso achita mdima koma khasu salisiya. Bambo uyu sanaleke kupita kudziwe lake, ngakhale dziwelo linkamuzemba.

Mfundo yachiwiri: Musée d'Orsay.

Iyi ili m'mbali mwa mtsinje wa Seine, ndipo nyumbayo inamangidwa ngati siteshoni ya sitima ya pamtunda pokonzekera chionetsero cha dziko lonse cha 1900. Inasandulika myuziyamu mu 1986. Mawotchi aakulu a siteshoni akadalipo. Zojambula za Monet ndi anzake zambiri zili pamwamba, pansanjika yachisanu. Ngati Marmottan imakuonetsani chiyambi cha dzina ndi mathero a moyo, Orsay imakuonetsani mnyamata akukula, akulimbana ndi umphawi, akukanidwa, kenako akupambana.

Pano ndikuchenjezeni. Nyumbayi ndi yaikulu, muli Manet, Degas, Cézanne, Van Gogh, ndipo mlendo amafuna kuona zonse tsiku limodzi. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani zochepa. Ine ndikanakutsogolerani pa zinayi.

Yambani ndi La Pie, chimene anajambula m'nyengo yozizira ya 1868 mpaka 1869. Ndi munda wokutidwa ndi chipale chofewa, ndi kambalame kamodzi kakuda ndi koyera, konga khwangwala wamng'ono, katatera pa geti lamatabwa. Ambirife chipale sitinachigwirepo, koma taonani mithunzi ya mpanda: ndi yabuluu. Oweruza a Salon anachikana mu 1869. Anthu a nthawi imeneyo anali atazolowera kuti mthunzi ndi wakuda kapena wotuwa. Mawa m'mamawa mukayang'ane mthunzi pa khoma lopakidwa laimu, muone amene ankanena zoona.

Kenako pitani pa La Gare Saint-Lazare cha 1877. Chaka chimenecho anajambula siteshoni imeneyi maulendo 12. Ena ankaona kuti utsi wa sitima ndi uve wosayenera kuikidwa pachinsalu, iye anaona nthunzi ikukwera pansi pa denga lagalasi, dzuwa likuiboola. Chithunzichi chinafika m'manja mwa boma kudzera mwa mnzake Gustave Caillebotte, amene ankagula zojambula za anzake pamene ogula kunalibe, n'kuzisiyira dziko atamwalira mu 1894.

Chachitatu n'cholemera pamtima. Mkazi wake woyamba, Camille, amene nkhope yake ili m'zithunzi zambiri za unyamata wake, anamwalira mu 1879 ku Vétheuil ali ndi zaka 32, banja lili pa ngongole. Monet anamujambula ali gone pa bedi, atatsirizika kale. Nkhope yake ikumira m'mikwasa yotuwa ndi yabuluu ngati munthu akulowa m'nkhungu. Kwathu kuno sitichita zotero pamaliro, ndipo ena mungakhumudwe. Ine ndimaonapo mwamuna amene analibe njira ina yolirira kupatula ya manja ake.

Chachinayi ndi zithunzi za tchalitchi chachikulu cha ku Rouen. Pakati pa 1892 ndi 1894 anajambula khomo lake maulendo pafupifupi 30, ali pazenera la nyumba za kutsidya kwa msewu, n'kumasinthanitsa zinsalu dzuwa likamasuntha. Ku Orsay zingapo zapachikidwa moyandikana. Mwala ndi womwewo, khomo ndi lomwelo, koma china n'chabuluu cha m'mamawa, china n'choyera cha dzuwa lili paliwombo, china n'chotuwa cha tsiku la mitambo. Apa mfundo yanga ija imaonekera poyera: munthuyu ankajambula kuwala, tchalitchicho chinali chongolandirira.

Mfundo yachitatu, ndipo pano ndichedwapo: Musée de l'Orangerie.

Mukawoloka Seine kuchokera ku Orsay mumalowa m'dimba la Tuileries, ndipo pakona yake, pafupi ndi Place de la Concorde, pali nyumba yaitali imene kale ankasungiramo mitengo ya malalanje m'nyengo yozizira. M'menemo muli zipinda ziwiri zozungulira ngati dzira, ndipo m'makoma ake muli zojambula zisanu ndi zitatu za dziwe la akakombo a m'madzi, zimene Afalansa amazitcha Nymphéas. Chilichonse n'chotalika pafupifupi mamita awiri kuchoka pansi kupita m'mwamba, ndipo mutazilumikiza zonse zingafike mamita 91, kutsala pang'ono kufanana ndi bwalo la mpira. Zinsaluzo zinamatidwa kukhoma. Sizibwerekedwa, siziyenda. Wofuna kuziona ayenera kupita yekha.

Maluwa amenewa si achilendo kwa ife. Abale athu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa amawadziwa bwino, pakuti mizu yake ndi nyika ija imene anthu amakumba m'madambo chaka cha njala. Duwa limodzi lomwelo, kwina limakumbutsa njala, kwina linasanduka chuma cha dziko. Ndanena izi kuti mukadzaima m'chipindamo musadzadzione ngati mlendo wosadziwa kanthu. Madzi oima a m'dambo, mtambo ukuoneka m'kati mwake, masamba akuyandama pamwamba, inu munaziona muli ana.

Mbiri ya zipindazi ndi ya chisoni ndi khama. Mkazi wake wachiwiri, Alice, anamwalira mu 1911. Mwana wake woyamba, Jean, anamwalira mu 1914, chaka chimene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayamba, ndipo Michel anapita kunkhondoko. Monet anali ndi zaka zoposa 70, maso akufooka. Pamenepo ndi pamene anamangitsa chinyumba chachikulu chojambuliramo n'kuyamba zinsalu zazikulu kuposa zonse zimene anagwirapo. Nkhondo itatha pa 11 Novembala 1918, m'mawa mwake analembera mnzake wapamtima Georges Clemenceau, amene anali nduna yaikulu ya France, kuti akupereka zojambula ku dziko lake ngati chikumbutso cha mtendere. Pangano linasainidwa mu 1922, koma nkhalambayo inakakamira zinsaluzo, ikukonza apa, ikufufuta apo, mpaka imfa. Zipinda zinatsegulidwa mu Meyi 1927, iye atagona kale m'manda miyezi isanu.

Ndipo anthu sanabwere. Kwa zaka zambiri zipindazo zinkakhala zii, chifukwa achinyamata a nthawi imeneyo ankati Monet ndi wachikale. Pambuyo pake anamanganso nsanjika pamwamba pake, kutsekereza dzuwa limene iye anafuna kuti lizilowera kudenga. Nsanjikayo inagwetsedwa pa ntchito yokonza nyumbayo imene inatha mu 2006, ndipo lero kuwala kwa tsiku kumagweranso pa zinsaluzo. Mtambo ukadutsa pamwamba pa Paris, dziwe la m'chipindamo limada. Ukachoka, limayera.

Mukalowa, taonani chinthu chimodzi: mulibe gombe, mulibe pamene thambo limakumana ndi dziko. Munthu amene wakhala m'bwato n'kuweramira m'madzi ndi amene amaona chotere. Thambo limene mukuliona ndi la m'madzi. Pakati pa chipinda pali benchi, ndipo pempho langa ndi loti mukakhalepo. Ambiri amalowa, kujambula ndi foni, kutuluka, mphindi zitatu zisanakwane. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani kotala ya ola osachita kanthu. Poyamba mudzaona buluu yekhayekha. Kenako mudzayamba kusiyanitsa zinthu zitatu zosanjikizana: duwa lili pamwamba pa madzi, udzu uli pansi pa madzi, ndi mtambo umene suli m'madzimo n'komwe. Kenako nyamukani muyandikire, muone kuti duwa lija ndi mikwasa iwiri ya burashi, ndipo m'mphepete mwina chinsalu anachisiya chosapaka. Ndibwerezenso: izi zimachitika munthu ataima pamaso pa chinsalu chenichenicho.

Ndisanachoke ku Paris, safunsa anadya phula. Orsay ndi Marmottan zimatseka Lolemba, Orangerie imatseka Lachiwiri, ndipo ndi nzeru kugula tikiti pa intaneti musanapite.

Mfundo yachinayi: Giverny.

Mudziwu uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 75 kuchokera ku Paris. Mumakwera sitima pa Saint-Lazare, siteshoni yomwe ija anaijambula, n'kukatsikira ku Vernon. Monet anasamukira kumeneko mu 1883 ngati wochita lendi, anagula nyumbayo mu 1890, ndipo mu 1893 anagulanso malo a kutsidya kwa njanji n'kupatutsirako kamtsinje kotuluka mu Epte kuti apange dziwe. Alimi oyandikana naye anadandaula kuti maluwa achilendowo aipitsa madzi a ziweto zawo. Aliyense amene anakanganapo za madzi a kudimba akumvetsa kuti mlanduwo sunali wamasewera.

Mumve bwino apa kuti musadzakhumudwe: zithunzi za Monet zimene zili m'nyumba ya ku Giverny ndi zokopera. Zenizeni zili m'mamyuziyamu. Chimene mumapitira kumeneko ndi dimba, dziwe, mlatho wobiriwira womangidwa mwa Chijapani, chipinda chodyera chachikasu, khitchini yabuluu, ndi zithunzi zodinda za amisiri a ku Japan monga Hokusai ndi Hiroshige zimene iye ankasonkhanitsa. Ojambula ambiri amayendayenda kufunafuna malo okongola. Uyu anadzilimira malo ake, analemba anthu antchito owasamalira, n'kumawajambula zaka pafupifupi 30, zithunzi za akakombo zokha n'kufika pafupifupi 250. Michel atamwalira dimbalo linali litasanduka tchire. Linakonzedwanso ndi thandizo lalikulu la ndalama zochokera ku America, n'kutsegulidwa kwa alendo mu 1980. Limatsegulidwa kuyambira cha mu Epulo mpaka kumayambiriro kwa Novembala, m'nyengo yozizira n'kotseka. Manda ake ali pa tchalitchi cha m'mudzimo, ulendo wapansi wamphindi zochepa.

Mukakhala ndi tsiku lina, njanji yomweyo imapitirira mpaka ku Rouen, kumene Musée des Beaux-Arts ili ndi chimodzi mwa zithunzi za tchalitchi chija, tchalitchicho chili chiimire pafupi pomwepo. Imakathera ku Le Havre, kumene myuziyamu ya André Malraux ili moyang'anana ndi doko, ndipo ili ndi za Monet zingapo ndi za mphunzitsi wake Boudin zambirimbiri.

Mfundo yachisanu: kunja kwa France.

Mwina mukufunsa kuti zithunzi za Mfalansa zikutani ku Chicago ndi ku Tokyo. Yankho ndi msika. Wamalonda Paul Durand-Ruel, amene anakumana ndi Monet ku London onse atathawa nkhondo ya France ndi Prussia ya 1870, anagula zithunzi zake zochuluka kwambiri pa nthawi imene Afalansa ankaziseka, mpaka kutsala pang'ono kugwa nazo. Mu 1886 anapita nazo ku New York, ndipo Amereka anagula. Kuyambira pamenepo zithunzi zimene Monet anazijambula ngati ana a mimba imodzi zinayamba kubalalika. Chitsanzo chomvetsa chisoni ndi chithunzi china chachikulu cha akakombo cha zigawo zitatu: chigawo chimodzi chili ku Cleveland, china ku Saint Louis, china ku Kansas City.

Ku America ndingatchule malo anayi. Art Institute of Chicago ili ndi zithunzi zake zoposa 30, ndipo zisanu ndi chimodzi ndi za milu ya tirigu ya 1890 ndi 1891, milu yonga mikukwe yathu ya chimanga, yojambulidwa m'chilimwe, m'chipale, dzuwa likulowa. Museum of Fine Arts ya ku Boston ilinso ndi zoposa 30, pakati pake Camille atavala mkanjo wofiira wa Chijapani. Ku New York kuli Metropolitan, komanso Museum of Modern Art imene ili ndi akakombo a zigawo zitatu otalika kupitirira mamita 12. Ku Washington, National Gallery of Art ili ndi Camille atagwira ambulera paphiri, mphepo ikuuluza chovala chake, ndipo kulowa n'kwaulere. Kuti mudziwe kukula kwa mwayi umenewu: mu 2019 chithunzi chimodzi cha milu ya tirigu chinagulidwa pa madola 110.7 miliyoni, ndipo lero chili ku Museum Barberini ku Potsdam, m'dziko la Germany, kumene aliyense wogula tikiti angachione.

Ku Japan, dziko limene iye ankakonda zojambula zake ngakhale sanapondeko, kuli National Museum of Western Art ku Tokyo, yokhala ndi zimene Matsukata Kojiro anagula, zina kwa Monet mwiniwake ku Giverny. Pachilumba cha Naoshima pali Chichu Art Museum, yomangidwa pansi pa nthaka mu 2004, kumene zithunzi zisanu za akakombo zimaunikiridwa ndi dzuwa lolowera kudenga, ndipo mlendo amavula nsapato asanalowe.

Nanga kuno ku Africa? Ambiri sadziwa kuti Monet anakhalako kuno. Mu 1861 anatumizidwa ku Algeria ngati msilikali, anabwerera chaka chotsatira atadwala, ndipo atakalamba ankanena kuti kuwala ndi mitundu imene anaona kumeneko zinali mbewu ya ntchito yake yam'tsogolo. Ku Egypt, myuziyamu ya Mohamed Mahmoud Khalil ku Giza, m'mbali mwa Nile, ili ndi zojambula zake. Pafupi ndi ife, Johannesburg Art Gallery, imene inayamba kusonkhanitsa zithunzi mu 1910 mwa khama la Florence Phillips, ili ndi chithunzi cha Monet cha nyengo ya maluwa. Abale athu ambiri ali ku Joni, ndipo amadutsa pa Joubert Park osadziwa. Nyumbayo yavutika zaka zambiri ndi denga lodontha, choncho funsani kaye ngati chithunzicho chikuonetsedwa. Ndipo langizo limeneli ndi la kulikonse, chifukwa mamyuziyamu amabwerekana zithunzi.

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza. Tikiti ya ndege ndi ndalama zambiri, viza ndi yovuta, ndipo panyumba pali zosowa zina. Sindikukana. Amene simungapite, mamyuziyamu ambiri aika zithunzi zawo pa intaneti mwa njira yoti mutha kuzikulitsa mpaka kuona mizere ya burashi, ndipo aphunzitsi anzanga, yesani kuziwalitsa pakhoma pa kukula kwake kwenikweni kuti ana ayandikire ndi kubwerera m'mbuyo. Koma ndikudziwanso kuti m'chipinda muno muli anthu amene adzapita kunja kukaphunzira, kukachita misonkhano, kukagwira ntchito ya unamwino, kukaona zidzukulu. Ambiri a iwo adzapita ku Britain, ndiye ndasungira dziko limenelo kumapeto.

Amene ali ku Scotland, National Gallery ya ku Edinburgh ili ndi milu ya tirigu m'chipale ndi mitengo ya m'mbali mwa Epte. Amene ali ku Wales, National Museum ya ku Cardiff ili ndi zimene amayi awiri apachibale, Gwendoline ndi Margaret Davies, anagula ndi chuma cha malasha cha agogo awo: akakombo, tchalitchi cha Rouen dzuwa likulowa, ndi Venice madzulo. Konseko kulowa n'kwaulere. Ku London, kumene anabwerera pakati pa 1899 ndi 1901 kudzajambula milatho ya Thames m'chifunga ali pakhonde la hotela ya Savoy, kuli Courtauld Gallery, ndipo kuli National Gallery pa Trafalgar Square, nayonso yaulere. M'menemo muli Thames ya 1871, muli siteshoni ya Saint-Lazare ina, muli mlatho wa padziwe wa 1899, maso ake akadali bwino.

Koma inu amene mudzafike pa Trafalgar Square, ndikukutumani pa kachithunzi kamodzi kakang'ono kotchedwa The Beach at Trouville. Anakajambula m'chilimwe cha 1870, atangokwatirana kumene ndi Camille, milungu yochepa asanathawe nkhondo. Amayi awiri akhala pagombe ndi maambulera, pakati pawo pali mpando wopanda munthu. Anakajambulira pagombe pomwepo, kukuomba mphepo, utoto usanaume. Mukafike pafupi mmene mlonda angakulolereni, muwerame pang'ono, muyang'ane cham'mbali. Mu utotomo muli timchenga timene mphepo ya tsiku limenelo inaulutsira pachinsalu, ndipo tikadali momwemo. Mukadzabwerako mudzamuuze mwana wa m'kalasi uja kuti mwationa.